Maboti akale a mpikisano wa panyanja yamchere: mafunso ndi mayankho pa mbiri yake ndi mainjini ake

Munthu akaona chithunzi cha boti lalitali lowonda, mphuno yosongoka, lili m'malere pamwamba pa funde, funso loyamba limakhala loti lili ndi mahosipawa angati limeneli. Tiyankha limenelo, koma mudziwiretu kuti nkhani ya maboti amenewa yagona pa kapangidwe ka kunsi kwake, malo amene injini yakhazikidwa, ndi dzanja la munthu amene akuipatsa moto. Mphamvu zokha sizinawinitsepo munthu ngati boti lathyokera panjira.

Kodi tikati offshore powerboat tikunena boti lanji kwenikweni?

Ndi boti la injini lopangidwira kuthamanga panyanja yaikulu yamchere, kutali ndi gombe, komwe mafunde sasankha tsiku. Ndi losiyana ndi timaboti tothamanga mozungulira pa madzi odekha a mumtsinje kapena padamu. Amene anthu amawatchula kuti classic ndi a kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kufika chakumapeto kwa m'ma 1980, ambiri otalika mafiti 27 mpaka 40, ndiye kuti mamita 8 mpaka 12, koma m'lifupi mwake mafiti 8 basi kapena kuposerako pang'ono.

Zinayambira kuti?

Mipikisano ya maboti a injini inalipo kale chiyambire zaka za m'ma 1900, koma masewero amene tikunena pano ambiri amawerengera kuyambira 1956, pamene kunachitika mpikisano woyamba wochokera ku Miami kupita ku Nassau, ku Bahamas, mtunda wa mamailosi 184, pafupifupi makilomita 296. Njira yake imadutsa Gulf Stream, madzi amene amayenda chakumpoto, nde mphepo ikamachokera kumpotoko mafunde ake amaima njo, afupiafupi, oti boti silipeza popumira. Amene ankakonza mpikisanowu ndi Red Crise, ndipo amene anatchuka powina zaka zoyambazo ndi Sam Griffith, moti atamwalira mu 1963 chikho cha katswiri wa dziko lonse anachitcha dzina lake.

Angerezi sanachedwe. Sir Max Aitken, wa nyuzipepala ya Daily Express, ataona zimene zimachitika ku Miami anakayambitsa wawo mu 1961, wochokera ku Cowes kupita ku Torquay. Anawina ndi Tommy Sopwith pa boti lotchedwa Thunderbolt, ndipo liwiro lake pa ulendo wonse linali cha m'ma mamailosi 25 pa ola. Inde, 25. Musaseke, nyanja ya tsiku limenelo inali yolusa ndipo ambiri sanafike nkomwe. Ku Italy nako mu 1962 anayambitsa wa Viareggio kupita ku Bastia nkubwerera. Mayiko atatu amenewa, America, Britain ndi Italy, ndi amene anagwira masewerowa kwa zaka zoposa makumi awiri.

Moppie ndi chani, bwanji aliyense wolemba za mabotiwa amayambira pamenepo?

Chifukwa ndi pamene zinthu zinatembenukira. Maboti othamanga a nthawi imeneyo ankakhala osongoka kutsogolo koma kunsi chakumbuyo kuli pafupifupi fulati. Pa madzi odekha boti lotero limathamanga bwino ndi mphamvu zochepa, koma likadumpha funde limatera ndi mimba yonse, phwaa, matabwa kumasuka, anthu mawondo kutha, woyendetsa nkukakamizika kuchotsa moto.

Mu 1958 Richard Bertram, amene ankagulitsa maboti ku Miami, anali ku Newport pa mpikisano wa maboti a matanga ndipo anaona kaboti ka mafiti 23 kakudula mafunde ngati palibe chikuchitika pamene ena onse akuvutika. Anafufuza mwini pulani yake, anali C. Raymond Hunt, nkumupempha kuti amujambulire lalikulupo. Linatuluka la mafiti 31, lamatabwa, nkulitcha Moppie, dzina limene ankaitanira mkazi wake. Mu 1960 linawina Miami–Nassau pa maola 8 nyanja itavuta zedi, Sam Griffith ali pa chiwongolero, ndipo maboti ambiri anabwerera kapena anafika mawa lake.

Chinsinsi chake ndi chimene timati deep-V. Kunsi kwa boti kuli ngati chilembo V kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo kwenikweni, mbali iliyonse yopendekeka madigiri 24. Likamatera limayamba kulowa m'madzi ndi msana wakuthwawo, madzi nkumapatukira uku ndi uku pang'onopang'ono m'malo momenya kamodzi. Pansipo anaikanso timizere totalika m'litali mwa boti tothandiza kulinyamula ndi kuponya madzi kumbali. Kuipa kwake nkoti V wozama chonchi amadya mphamvu, amafuna injini zazikulu kuti boti likwere pamwamba pa madzi, ndipo apa ndi pamene panayambira njala ya mahosipawa. Bertram anatenga Moppie nkupangira chikombole, mu 1961 nkuyamba kugulitsa Bertram 31 ya faiba. Madigiri 24 aja mpaka lero akadali muyezo umene anthu amayerekezera.

Nanga dzina loti Cigarette linabwera bwanji? Ndi mtundu wa boti kapena kampani?

Ndi kampani, koma dzinalo linakula mpaka anthu amangotchula boti lililonse lalitali lowonda kuti cigarette. Mwini nkhani ndi Don Aronow, wobadwira ku Brooklyn mu 1927, amene anapanga ndalama pa ntchito zomangamanga ku New Jersey nkusamukira ku Miami mu 1961 ati kukapuma. Kupuma kwake kunali kotere: anayambitsa kampani ya maboti ya Formula mu 1962, nkugulitsa, Donzi mu 1964, nkugulitsa, Magnum mu 1966, nkugulitsanso, kenako Cigarette. Njira yake inali imodzimodzi, kupanga boti, kukawina nalo, anthu nkulifuna, kugulitsa kampani, nkukatsegula ina pafupi pomwepo yopanga boti loposa lija. Zonsezi zinkachitikira mu msewu umodzi, NE 188th Street kumpoto kwa Miami, umene anthu anautcha Thunderboat Row.

Iye mwini anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1967 ndi mu 1969, ulendo wachiwiriwu pa boti la mafiti 32 lotchedwa The Cigarette, dzina limene analitenga ku boti lina lozembetsa mowa nthawi imene mowa unali woletsedwa ku America. Aronow sanali injiniya wa mapepala, mapulani ambiri oyamba anajambula ndi anthu ngati Jim Wynne ndi Walt Walters, koma diso la chimene chingathamange ndi chimene chingagulike anali nalo. Anaphedwa ndi mfuti pa 3 February 1987, ali m'galimoto mu msewu womwewo.

Ankaikamo injini zanji?

Ku America yankho ndi V8 yaikulu ya petulo yochokera ku magalimoto, makamaka zikuluzikulu za Chevrolet zimene amati big block. Manambala amene muziwamva ndi 427, 454, 482, 496 ndi 502, amenewo ndi ma cubic inch, muyezo wa kukula kwa injini, ndiye kuti 427 ndi malita 7, 454 ndi malita 7.4, 502 ndi malita 8.2. Ford 427 yokonzedwa ndi Holman Moody inaliponso m'ma 1960, komanso kampani ya Daytona inkaika turbo pa Chevrolet nthawi imene ambiri ankaiopa. Kenako injini za MerCruiser ndi za Kiekhaefer Aeromarine ndi zimene zinadzalamulira, ndipo pofika m'ma 1970 injini imodzi ya mpikisano inkatulutsa mahosipawa cha m'ma 600, boti nkukhala ndi ziwiri.

Manambalawa sanangogwa kumwamba. Lamulo la kalasi yaikulu linkalola ma cubic inch 1,000 onse pamodzi pa injini za petulo, pafupifupi malita 16.4, nde mukagawa pawiri mupeza kuti injini iliyonse isapose 500. Nchifukwa chake mumaona 482 ndi 496, anthu ankakulitsa masilinda mpaka kufika m'mphepete mwa lamulo nkuima pomwepo. Ataliyana anadzabwera ndi zawo, Lamborghini V12 ya malita 8.2 imene inkazungulira mothamanga kuposa V8 ndipo kulira kwake nkosiyana kutalitali, komanso madizilo a Isotta Fraschini ndi Seatek.

Si injini ya galimoto yomweyo basi? Bwanji osangochotsa mu galimoto nkuika?

Buloko yake ingakhale yofanana koma moyo umene ikukakhala ndi wina. Galimoto ikafika pa sipidi mumaika giya yapamwamba injini nkumapuma, pamtsetse mumachotsa phazi. Boti lilibe magiya osinthasintha ndipo madzi sakupatsani mtsetse, injini imakhala ngati lole yodzaza simenti ikukwera Chiweta koma phirilo osatha, maola atatu kapena anayi pa moto wonse. Ndiye mapisitoni, mavalavu, mabering'i, zonse ziyenera kukhala zolimba kuposa za mumsewu.

Kuziziritsa nako nkosiyana. Palibe radiyeta ya mphepo, pampu imakoka madzi a m'nyanja momwemo, kuwazungulitsa mu injini nkuwatulutsira ku ekizozi. Pampuyo ili ndi kampira kokhala ndi mapiko mkati, kakangouma kapena pepala la pulasitiki likatseka polowera madzi, mphindi zochepa injini yatentha. Oyilo ndi vuto lina. Boti likakhala m'malere oyilo wa mu sampu amanyamuka naye, pampu nkukoka mphepo, ndipo masekondi ochepa otero pa moto wonse ndi okwanira kuti injini inoke. Nchifukwa chake za mpikisano zinkakhala dry sump, oyilo amakhala mu thanki yakeyake pambali ndipo mapampu amamukoka nkumubweza mosadukiza, komanso izi zimalola injini kukhala pansi kwambiri chifukwa sampu yake ndi yosaya.

Chomaliza ndi moto. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mphepo, m'galimoto umagwera pansi nkumwazika koma m'boti umadikha m'chipinda cha injini kudikira kamoto kamodzi. Sitata ndi otaneta za m'boti zimakhala zotsekedwa kuti zisathethetse, pa kabuleta pamakhala chotchinga malawi, ndipo musanalize injini mumayatsa kaye fani yotulutsa mpweyawo kwa mphindi zinayi. Amene amadumpha zimenezi amaonekera pa nyuzi.

Mainjini awiriwo amakhala bwanji m'botimo? Ndamva za staggered.

Apa nde pokoma. Njira yosavuta ndi kuwaika moyandikana, ina kumanja ina kumanzere, onse kumbuyo. Maboti ambiri ogulitsa kwa anthu wamba ali chonchi chifukwa zimasiya malo okhala anthu. Koma taganizani V8 ziwiri zazikulu mu boti la mafiti 8 m'lifupi lomwe kunsi kwake ndi V. Kuti zikwane muyenera kuzitalikitsa kuchoka pakati, ndipo mukamapita kumbali pansi pa boti pamakwera, nde injini zimakhala m'mwamba, mapulopela nawo amatalikirana. Boti likapendekeka pang'ono pulopela imodzi yatuluka m'madzi inzake ikukankha yokha. Makaniko naye amalira, pakati pa injini ziwirizo dzanja silikwana, kusintha mapulagi a mkati ndi ntchito ya tsiku.

Staggered ndi kuika imodzi patsogolo ina pambuyo, mopingasa pang'ono. Yakumbuyo imalumikizana pafupi ndi drive yake, mwendo wakunja umene umanyamula pulopela, yakutsogolo imatumiza mphamvu kudzera pa shafti yaitali yodutsa pambali pa inzake. Zikatero zonse ziwiri zimasendera pakati, zimatsika m'munsi mwa V muja, mapulopela amayandikana ndipo amakhalitsa m'madzi, kulemera kumagawikanso m'litali mwa boti moti likadumpha limauluka mowongoka m'malo moimika mphuno kumwamba. Mtengo wake ndi malo, chipinda cha injini chimatalika nkudya pokhala anthu. Kwa ine boti la V la mpikisano lenileni ndi la staggered, enawo ndi apaulendo wa Lamulungu olo atapentedwa bwanji.

Panalinso njira ina yachilendo. Renato Levi, amene anzake ankamutcha Sonny, pojambula Surfury ya abale awiri a Gardner anaika injini ziwiri za Daytona motsatizana pa mzere umodzi, zonse zikuzungulitsa shafti imodzi ndi pulopela imodzi. Zokoka m'madzi zinachepa, boti linakhala lowonda ngati mkondo, ndipo linawina Cowes–Torquay mu 1967. Vuto lake mwaliona kale, pulopela imodziyo ikavulala ulendo wathera pomwepo.

Bwanji mapulopela amazungulira mosiyana?

Pulopela ikamazungulira kumanja imapotoza boti kumanzere. Pa injini imodzi ya mahosipawa 600 kupotoza kumeneko si kwamasewera, boti limayenda chopendekeka ndipo likatera limatera ndi nthiti. Mukaika awiri ozungulira mosemphana mphamvu zopotozazo zimathana. Ena amawazungulitsa cholowa mkati ena chotuluka kunja, ndipo zimasintha mmene kumbuyo kapena mphuno ikunyamukira komanso mmene boti likukhotera, nde matimu ankayesa zonse ziwiri pa boti lililonse.

Mphamvu zimafika bwanji ku pulopela? Shafti, sterndrive, surface drive, kusiyana kwake nkotani?

Moppie ndi anzake oyamba anali ndi shafti yoboola pansi pa boti mopendekeka, pulopela pansi pamadzi, chitsulo chokhotetsa boti chili pachokha kumbuyo. Ndi yolimba, yosavuta, koma shafti ndi zogwirizira zake zimakoka madzi, komanso simungasinthe kumene pulopela yaloza. Ena ankagwiritsa V-drive, giyabokosi yobweza mphamvu chakumbuyo kuti injini ikhale kumbuyo kwenikweni.

Sterndrive ndi injini m'kati, mwendo kunja. Mwendowo umakhota kumanja ndi kumanzere, umakweranso ndi kutsika, ndiye woyendetsa amatha kukweza kapena kutsitsa mphuno boti likuyenda. Mbiri yake ili ndi kachinsinsi. Jim Wynne ndi amene analembetsa nzeruyi nkuigulitsa kwa Volvo Penta, amene anaitulutsa mu 1959 ndi dzina loti Aquamatic. Koma maganizo ake anali a Charlie Strang, injiniya wa kwa Carl Kiekhaefer mwini kampani ya injini za maboti ya Mercury, amene bwana wakeyo atamuuza anakana kuti nzopanda pake. Strang anamupatsira Wynne mwakachetechete akadali pantchito, ndipo zinadzaululika patapita zaka pafupifupi makumi atatu. Kiekhaefer ataona Volvo ikugulitsa anatulutsa MerCruiser mu 1961. Ya mpikisano inali Speedmaster, yowonda kunsi ngati chipolopolo, manambala ake III, IV, V, ndipo Number 6 yotchuka ija inachokera ku drive ya Kiekhaefer Aeromarine, kampani imene Mercury inagula mu 1990.

Surface drive ndi nzeru yoti pulopela isamire yonse. Shafti imatulukira kumbuyo kwa boti pafupifupi mowongoka, theka la pulopela lili m'madzi theka lili kunja, phiko lililonse limamenya madzi nkutuluka. Zokoka m'madzi zimachepa kwambiri ndipo mchira wautali wa madzi umene mumauona kumbuyo umachokera pamenepo. Levi anayamba kale kuyesa zotere, Howard Arneson wa ku California nkudzatchukitsa yake yokhota ndi kukwera cha m'ma 1980. Mapulopela ake ndi aja amati cleaver, akuthwa kutsogolo, odulidwa mowongoka kumbuyo. Kuipa kwake ndi ponyamuka ndi pobwerera m'mbuyo padoko, amangopalasa thovu.

Nanga ma outboard, aja opachika kumbuyo, ankapikisana nawo?

Kwambiri, ndipo pena ankachititsa manyazi akuluakulu. Mu 1969 pa mpikisano wozungulira Britain yense anawina ndi Timo Mäkinen, katswiri wa rally wa ku Finland, pa Avenger Too imene anajambula Don Shead, ili ndi ma outboard atatu a Mercury. Ndi opepuka, imodzi ikafa ziwiri zikufikitsani, ndipo madzulo mutha kuimasula nkupachika ina.

Dizilo bwanji, si yolemera kwambiri?

Ndi yolemera inde, koma imamwa pang'ono, siphulika ngati petulo, ndipo pa mtunda wautali boti la dizilo limanyamula mafuta ochepa. Lamulo linkaperekanso mpata wa malita ochuluka kwa dizilo kuposa petulo. Bertram yemwe uja anawina Cowes–Torquay mu 1965 ndi Brave Moppie ya dizilo, ndipo mu 1972 mpikisano wautali wa London kupita ku Monte Carlo linawina ndi boti lotchedwa HTS la madizilo a Ford Sabre. Koma amene anaifikitsa pachimake ndi Fabio Buzzi wa ku Italy, injiniya wojambula boti yekha, kupanga nawo injini, nkuliyendetsanso yekha. Mu 1988 boti lake Cesa 1882, la thupi limodzi, madizilo anayi a Seatek okhala ndi turbo, linasesa pafupifupi chilichonse mpaka chikho cha dziko lonse. Buzzi anamwalira mu 2019 pafupi ndi Venice boti lake litawomba khoma lotchinga mafunde usiku, ali ndi zaka 76, akumaliza ulendo wofuna kuswa rekodi.

Ma turbine a ndege nawo anayesedwapo, Jim Wynne anawina ndi boti lotero lotchedwa Thunderbird mu 1966, akuluakulu a malamulo nkuwatsekera kunja.

Bwanji mumakhala anthu atatu, onse chiimire?

Wina chiwongolero, wina moto, wina njira. Kunalibe GPS, nde wa njirayo anali ndi kampasi, wotchi ndi mapu omata kutsogolo kwake, ndipo boti lothamanga kuposa onse limatha kuluza chifukwa chophonya chizindikiro ndi mailo imodzi. Ankaima chifukwa mawondo ndi amene amamwa kugunda kwa funde, mukakhala pansi msana ndi umene umalandira. Aliyense ankalowa mu kamphako kake ka makushoni olimba omugwira m'chiuno ndi m'nthiti.

Koma munthu wofunika zedi ndi throttleman, wa motoyo, amene nthawi zambiri ankakhalanso makaniko wa botilo. Boti likachoka pa funde mapulopela amatuluka m'madzi, injini yopanda katundu imakuwa kupitirira malire ake, ndipo ikatera ili chikuwire mapulopela amagwira madzi mwadzidzidzi, magiya a drive kapena shafti nkuduka. Ndiye iye amayang'ana funde likubwera, boti likangonyamuka amabweza ndodo zonse ziwiri, likamakhudza madzi amazikankhanso, osachedwa osafulumira, akachedwa mphuno imagwa nkulowa m'funde lotsatira, akafulumira wathyola drive. Azichita zimenezi kambirimbiri pa mphindi iliyonse kwa maola, dzanja linalo likusintha ma trim tab, timapiko ta kumbuyo towongola kakhalidwe ka boti, ndi kukweza kapena kutsitsa ma drive, maso akuponyanso pa mageji a oyilo ndi kutentha. Maboti ena anali ndi thanki kumphuno yoti nyanja ikavuta amatungiramo madzi kuti mphuno ilemere, ikadekha nkuwataya. Mwini boti wolemera amatha kugula chilichonse nkugwira chiwongolero, koma wa moto wabwino ankachita kulimbirana.

Za kulimba kwa anthuwa, mu 1966 Wynne anawina Cowes–Torquay pa Ghost Rider makaniko wake Bob Sherbert atathyoka akakolo onse awiri panjira, ndipo sanaime.

Kunali azimayi?

Betty Cook. Anayamba mpikisano atadutsa zaka 50, nkukhala katswiri wa dziko lonse mu 1977 ndi mu 1979 pa maboti ake otchedwa Kaama, John Connor ali pa moto. Mu 1978 anawinanso Cowes–Torquay–Cowes.

Ma catamaran anabwera liti, ndipo ndi amene anathetsa nthawi ya V?

James Beard ndi Clive Curtis a kampani ya Cougar ku England anayamba kuwayesa chakumapeto kwa m'ma 1960, koma anatenga zaka pafupifupi khumi kuti ayambe kuwina kalasi yaikulu. Catamaran ili ndi matupi awiri, pakati pali mpata umene umakola mphepo nkunyamula boti, nde ndi injini zomwezo imathamanga kuposa V, injini imodzi thupi lililonse. Pamene V yabwino ya kumapeto kwa m'ma 1970 inkafika cha m'ma mamailosi 90 pa ola, ma catamaran anadutsa 100 nkumapitirira. Nyanja ikalusa V inkabwezabe, koma mipikisano inayamba kufupika nkusendera kugombe kuti anthu ndi makamera aziona, ndipo kumeneko catamaran ndi mfumu.

Liwiro linakwera anthu akadali pamtunda opanda denga. Didier Pironi, amene kale ankayendetsa Ferrari mu Formula One, anafa ndi anzake awiri mu August 1987 pafupi ndi Isle of Wight boti lawo Colibri litagubuduzika pa funde la sitima ya mafuta. Stefano Casiraghi, mwamuna wa Princess Caroline wa ku Monaco, anafa pa 3 October 1990 akuteteza chikho chake. Zitatero madenga otseka, ena otengedwa ku ndege za nkhondo za F-16, malamba ndi mabotolo a mpweya zinakhala zosakambirana, ndipo boti la anthu atatu oimirira linasanduka la m'mbiri.

Nzoona kuti ankazembetsera mankhwala ozunguza bongo?

Nzoona. Kuchokera ku Bimini kufika ku Miami ndi makilomita 80 okha, ola limodzi usiku pa boti lotere, ndipo m'ma 1970 ndi 1980 ozembetsa chamba ndi cocaine anali makasitomala aakulu. Chodabwitsa nchoti boma la America pofuna kuwathamangitsa linakagulanso kwa Aronow yemweyo, ma catamaran a mafiti 39 otchedwa Blue Thunder.

Amamwa mafuta ochuluka bwanji?

Kawerengedwe ka amakaniko nkoti injini ya petulo pa moto wonse imamwa pafupifupi galoni imodzi pa ola pa mahosipawa 10 aliwonse. Ziwiri za 600 ndiye kuti magaloni 120, malita cha m'ma 450 pa ola. Mpikisano wa maola atatu werengani nokha, ndipo kumbukirani kuti mafuta onsewo ndi katundu wa pafupifupi tani imodzi amene akutha boti likuyenda, nde matanki ankawaika pafupi ndi pakati pa kulemera kwa boti kuti lisasinthe khalidwe akamapepuka.

Munthu akapeza lakale lotere, ayang'ane chani asanagule?

Osayamba ndi injini, injini imagulidwa. Yambani ndi transom, chikhoma chakumbuyo chimene chimanyamula ma drive, ndi ma stringer, mitanda ya m'litali imene injini zimakhalapo. Kunja ndi faiba koma mkati mwake ambiri ndi pulayiwudi, madzi akalowera pa mabawuti zaka makumi anayi thabwalo limasanduka phala faiba ikuwalabe bwinobwino. Gogodani ndi kahamala, polimba pamalira kuti ngwe, powola pamangoti phu. Ena pansi ndi padenga anaikamo thabwa lopepuka la balsa pakati, nalo limamwa madzi. Matanki a aluminiyamu okwiriridwa mu thovu amadyeka kunsi komwe simungaone, ndipo kuwachotsa ndiye kuti kudula pansi pa boti poponda.

Ku injini yang'anani ekizozi. Madzi amchere amadya mkati mwa mapaipi ake mpaka kuboola, madziwo nkubwerera mu silinda, tsiku lina mukuliza sitata pisitoni ikumana ndi madzi, kondirodi kupindika. Masipeya a ma drive akale monga TRS akusowanso, ambiri amasinthira ku Bravo imene inabwera mu 1988, koma Bravo wamba sapirira mahosipawa ochuluka pa boti lolemera lodumpha mafunde.

Kuika injini zamakono m'boti lakale nkulakwa?

Anthu amakangana mpaka mawa. Ngati ndi boti loti linawinapo mpikisano wodziwika, ine ndingati libwezereni mmene linalili, makabuleta ake, utoto wake, nambala yake, ndipo ku Cowes kumapeto kwa August mpikisano uja ukuchitikabe moti maboti akale okonzedwanso amaonekako. Koma ngati ndi Cigarette kapena Magnum wamba woyendera ndi banja, V8 ya fuel injection imalira kamodzi m'mawa, imamwa pang'ono ndipo siinunkhitsa petulo m'chipinda. Chongofunika kusamala ndi kulemera ndi liwiro. Injini yopepuka kwambiri imasuntha pakati pa kulemera kwa boti kupita kutsogolo, kukweza drive ndi mainchesi awiri okha kumasintha mmene likugwirira madzi, ndipo thupi limene analijambulira mamailosi 70 pa ola mukalipatsa mphamvu za 95 limayamba kugwedezeka uku ndi uku pa msana wake wa V, chimene amati chine walk, chiwongolero cha makebulo chakale chija sichingaligwire. Ndiye amene akuwonjezera mphamvu aikiretu chiwongolero cha hydraulic chakunja ndi chitsulo cholumikiza ma drive awiriwo asanakayese pamadzi.